Chubu cha Zigamba Khumi ndi Zinayi

Nditalemba mayeso a fomu 4 ndinkangogona mpaka mphasa inayamba kudandaula. Amayi atatopa nane anakandipereka kutchalitchi ku Mchengautuwa kuti Loweruka lililonse ndiziphunzitsa ana a Sande sukulu ntchito zamanja. Ine amene ngakhale batani sindinasokepo. Kuchokera kwathu ku Zolozolo ndinkapita pa njinga ya achimwene anga, osapempha.

Nzeru ndinali nayo imodzi yokha: machubu a njinga. Ukawadula bwino umapanga zibangili, malamba, ngakhale kachikwama. Ndinawauza ana kuti aliyense abwere ndi chubu chakale.

Kamtsikana kena kanabweretsa chubu chomwe ndidzachikumbukira ngakhale m'manda. Zigamba khumi ndi zinayi, china pamwamba pa chinzake. Ndinachikweza m'mwamba.

"Chakale ndi ichi. Muwombereni m'manja mnzanuyu."

Ndinatenga sizasi n'kuchidula ndekha. Zibangili zinatuluka khumi: naini za ana, chimodzi changa.

Tikumaliza, pakhomo panaima bambo wina, tayala lopanda chubu lili paphewa. Anali adada ake a kamtsikana kaja, a kabaza. Chubucho anachichotsa m'mawa, n'kumatapo chigamba chatsopano, n'kuchikoleka pamtengo kuti chigwire iwo akumwa tiyi.

"Monire, aphunzitsi," anatero, ulemu wake woopsa. Anagwira mkono wa mwana wina n'kuyang'anitsitsa chibangili. "Chigamba ichi ndinamatira ku Lupaso, mvula ikundimenya."

Mzuzu inali itazizira, koma thukuta langa likanadzaza ndowa.

"Komatu chinali chakale, adada."

"Chubu cha kabaza sichikalamba, iwe. Chikatheratu timadula malamba omangira katundu. Anakuuza ndani kuti timataya? Lero Loweruka, anthu ali mbwee kumsika, ine ndiwanyamule pamsana?"

Kamtsikana kaja kanayamba kulira. Adada ake anakasisita kumutu. Maso awo anali panja, pa njinga ya achimwene anga.

Ndinapita nayo pamthunzi ndekha. Bambo aja anaphwetsa tayala lakumbuyo, kusolola chubu ngati akutumbula nkhuku, ana naini atatizungulira, chubu cha bamboyo chili m'mikono mwawo.

"Yewo chomene, aphunzitsi. Sabata yamawa muwaphunzitse kufunsa."

Njingayo ndinaikankha mpaka ku Zolozolo, ulendo womwe ndikukhulupirira kuti ndevu zanga zinamerera panjira. Achimwene ndinawapeza pakhonde atavala kale jekete, akufuna kupita kutauni. Anayang'ana tayala, anayang'ana ine.

Ndinawapatsa chibangili.