Kanyama Kanga Kanapita ku Lusaka

Mwana wanga Tiwonge ali pa foni kuyambila m'mawa, akugwila tizilombo n'kumatitsekela m'timipila. Kanyimbo ka gemuyo kandisowetsa mtendele, ndalephela ngakhale kusenda nshawa.

Ndinakamva koyamba ndili mwana kwathu ku Kapichila, msuweni wanga Mabvuto atabwela pa holide kuchokela ku Lusaka ndi kagemu kotuwa kokwana m'manja. Tizilombo take tinali timadontho takuda pa galasi lobiliwila. Mabatile akatha tinkawayanika pa mwala padzuwa, ine mtima uli m'mwamba kuti tinyamato tikubanika mumdima.

Tsiku lina Mabvuto anandibweleka gemuyo, ndipo ndinagwila kanyama kanga, konenepa, ka mchila wopindika. Kwathu mwana akapatsidwa nkhuku imakhala yake, mlendo sapita nayo. Choncho tsiku limene amalume anamukweza Mabvuto pa njinga kupita ku boma, ndinafika ndi chitete cha nkhuku, nditayalamo udzu.

"Unisiyile kanga," ndinatelo.

"Sikachoka, iwe!" Anaseka, n'kuponya gemu m'chola.

Ndinathamangila njingayo mpaka pa mlatho, chitete chikundimenya m'miyendo.

Lelo ndamuuza Tiwonge kuti andifunile kanyama kanga kaja mu gemu yake. Wakapeza msanga. Tsopano kali ndi ubweya, kakuphethila, kakuthamanga m'udzu wooneka ngati weniweni.

"Aka n'kakale, amama, kulibe amene amakafuna. Tatsopano tilipo tambili."

"Kagwile, iwe."

Ndine munthu wamkulu, ndikudziwa kuti n'zithunzi chabe, koma ndaima kumbuyo kwake osapuma mpaka kampila katatsekeka.