Khasu la ku koleji

Ababa, lero mdzukulu wanu wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndiye ndakukumbukirani. Paja dzina langa litatchulidwa pa wailesi ine ndinalira, chifukwa ndinkafuna koleji ya ku Zomba koma ananditumiza ku koleji ya zaulimi. Inu munasangalala, munati pamenepo boma laganiza bwino.

Munandiperekeza wapansi kuchokera ku Nachisaka mpaka pa Dowa Boma. Titaonetsa makadi a chipani kuti ndikwere basi, munandipatsa khasu lanu, mutaliika mpini watsopano. Munati, "Ukafike ndi lako, usakabwereke kwa ana a eni." Anzanga anandiseka, poti kumeneko kunali mathirakitala. Mpini uja unathyoka kalekale, koma khasu lilipo. Usani mumtendere, Ababa, mpaka lero sindinabwerekepo la munthu.