Saladi wa Vitumbuwa ndi Mipeni ya ku Chanyanya

Chaka chimene mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito, amuna anga anabwera kunyumba ndi bokosi la matupa otha mano. Anali okonza makina, ndipo kukhala manja lende sankakudziwa. Tinasamuka kunyumba za fakitale ku Estates kupita kukomboni ya Nangongwe. Ine ndinayamba kukazinga vitumbuwa m'mbali mwa msewu, iwo n'kuyamba kusula mipeni kuchokera ku matupa aja, akulinga kwa azimayi otumbula nsomba ku Chanyanya.

Kusula sikunawavute. Chinavuta n'kulimbitsa. Mpeni ukafiira pamoto umafunika kuuviika kuti uzizire msanga, apo ayi umabuntha tsiku lomwelo. Anayamba ndi madzi. Ndili pambaula ndinangomva kuti thee! Mpeni umene anauvutikira masiku awiri unali utang'aluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndiye anakapempha oilo wakuda kwa okonza maminibasi. Utsi wake unatsokomoletsa mzere wonse wa nyumba, koma mpeni utazizira tupa linkaudyabe mosavuta.

"Madzi ndi aukali, oiloyu ndi waulesi," anatero. "Ndikufuna chapakati."

Maso awo anagwera pamafuta okazingira a m'chiwaya changa.

"Ayi bambo, saladi wanga ayi!"

"Amake ana, sindikunena watsopano. Uja wada kale, wakutaya."

Chibadwire sindinatayepo saladi, koma ndinawapatsa, nkhope ili gwaa. Anamusefa ndi kansalu, n'kumuthira m'chitini chachitali. Kenaka anaponyamo kachitsulo kamoto kuti afunde, amvekere mafuta ozizira amakhuthala, sagwira bwino ntchito. Ndinasiya makasitomala n'kuima pambali. Ankatulutsa mpeni m'makala n'kuugunditsa kumaginito a wailesi yakufa. Utasiya kumata, kusonyeza kuti watentha mokwanira, anaubwezera pamoto pang'ono, n'kuumiza m'mafuta choimika, nsonga patsogolo. Ankaukweza ndi kuutsitsa osaugwedezera m'mbali, kuopa kuti ungapindike. Sanausiye ngakhale lawi linawanyambita zala. Bwalo lonse linanunkhira vitumbuwa.

Ataupukuta anandipatsa tupa. "Yesani nokha."

Ndinapala. Tupa linangoterera ngati pagalasi. Anamwetulira koyamba chichokereni kufakitale, koma sanathamange. Anati mpeni wouma chonchi umathyoka ukagwa, choncho anauwotha pambaula yanga pang'onopang'ono mpaka unasanduka mtundu wa udzu wouma.

Loweruka anandikweza panjinga kupita ku Chanyanya, mipeni isanu ili m'thumba. Padoko panali mayi wina wamkulu thupi, wodziwika ndi kunyoza katundu wa anthu. Anatenga umodzi, n'kudula nawo mutu wa mlamba, kenaka wina, kenaka winanso. Anayang'anitsitsa kukamwa kwa mpeniwo, akuupapasa ndi chala chachikulu. Sanayamikire. Anangoutsomeka m'chitenje n'kutembenukira kumabwato.

"Imwe! Bwelani muone ba shimipeni aba!"

Amuna anga, atamva akutchedwa bambo wa mipeni, anawerama n'kumakonza tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto lililonse.