Chigongono cha Amayi

Kamera ya bambo aang'ono inkakhala m'kachikwama kachikopa kofiirira, konunkha thukuta ndi mafuta a tsitsi. Ankaipachika m'khosi ndi lamba, ili pachifuwa penipeni, chivindikiro chili chotsegula. Sankaivula ngakhale podya. Ankati ku Joni anaphunzira kuti kamera yotsekeredwa m'sutikesi ndi mwala chabe, chifukwa chinthu chokongola sichidikira kuti munthu afunefune makiyi. Akamayenda, dzanja lamanja linkakhala pomwepo, chala chili pabatani.

Anabwera nayo kumudzi kwathu, kufupi ndi Embangweni, chilimwe chimene bambo anga anamwalira. Anafika maliro atatha kale. Ine ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kulemba ndi inki kusukulu, ndipo mng'ono wanga anali asanaguluke mano. Amayi kwawo kunali ku Dowa. Bambo anakawatenga kumeneko n'kuwalowola ndi ng'ombe monga mwa mwambo wa kuno ku Mzimba. Chitumbuka cha amayi chinkatsimphina, ndipo akazi anzawo ankawaseka pachitsime. Chilimwe chimenecho anali atameta, atavala duku lakuda.

Bambo aang'ono ankajambula chilichonse. Anajambula khola, kenako ng'ombe iliyonse payokha. Anajambula ngolo, nkhokwe, makina osokera, njinga ya malemu bambo, ndi nyumba yathu yamalata, kumaso ndi kuseri komwe. Kavuluvulu atanyamula zovala pachingwe, anamugwira zovalazo zikadali m'mwamba. Akadina batani kamera inkalira kuti khe, iwo n'kunena kuti, "Mbwenu!" M'Chitumbuka ndiko kunena kuti basi, zatheka. Ife ana tinkawatsatira ngati nkhuku zotsatira munthu wonyamula lichero. Ndinkawakonda kwambiri, ndipo chikondi chimenecho chimandipsetsa mtima mpaka lero.

Ine ndine munthu wosunga. Ndili ndi khadi langa la ubatizo, malisiti a msonkho a bambo, satifiketi iliyonse ya ana anga, ngakhale matikiti a basi a maulendo amene ndinaiwala kale chimene ndinkayendera. Zithunzi za chilimwe chimenecho nazonso zili kwa ine. Ndinazilanditsa bambo aang'ono atamwalira, ana awo akufuna kuyatsira moto. Ndaziyang'ana chimodzichimodzi, padzuwa, magalasi ali m'maso. Ng'ombe zonse zilimo. Nkhope ya amayi mulibe.

Ndinazindikira zimenezi ndikadali mwana. Amayi akamadutsa ndi ndowa pamutu, dzanja lija losachedwa linkatsika, bambo aang'ono n'kuyamba kupukuta galasi la kamera ndi nsonga ya malaya. Nditawafunsa, anandiuza kuti mkazi wovala zamaliro sajambulidwa, ndidikire mpaka avule zakuda. Ndinakhulupirira. Koma pano ndili ndi chithunzi cha azakhali, mlongo wawo wa bambo, atavala duku lakuda lomwelo, akuseka pamtondo mano onse ali panja. Mwambowo unali wa munthu mmodzi basi.

Kudikira kunandikanika, choncho ndinakonza nzeru yanga. Ndinadziwa kuti bambo aang'ono sangapirire akaona chinthu choseketsa. Tsiku lina amayi akupeta mphale pakhomo la khitchini, ndinagwira thadzi lathu lamawangamawanga, n'kuliika pamutu, n'kukaima patsogolo pawo penipeni. Zikhadabo zake zinkandibaya, nthenga zikunditsekera m'maso. Ndinaitana. Kamera inakwera msanga monga mwa masiku onse, mtima wanga n'kudumpha. Koma asanadine, bambo aang'ono anasuntha pang'ono chakumanzere.

Chithunzi chimenecho ndili nacho. Ndilipo ine ndi nkhuku pamutu, ndikuseka ngati wopambana. M'mphepete mwake muli chigongono ndi kachidutswa ka lichero. Amayi anga onse amene ndinatsala nawo ndi amenewo. Musandiuze kuti linali dzuwa kapena mthunzi. Munthu amene ankagwira kavuluvulu ali m'mwamba sakanaphonya mkazi wokhala pansi.

Mitengo itayamba kuphuka masamba ofiira, akuluakulu anasonkhana pabwalo. Ife ana anatituma kudambo kukatunga madzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza. Pobwera tinapeza amayi atavula zakuda, atavala chitenje chawo chamaluwa achikasu, maso ali otupa. Ndinathamangira kwa bambo aang'ono kukawakumbutsa lonjezo lawo. Anati mawa. Mawa lake anati kuwala sikuli bwino. Amayi anayamba kumanga katundu, ndipo anandiuza kuti akupita ku Dowa kukaona abale, adzabwera mvula ikagwa.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza kumsewu kukadikira lole yopita ku Jenda. Kunali kutentha, fumbi likuluma m'mphuno, nyenje zikulira m'mitengo. Kunabweranso aphunzitsi anga, bambo a ku Ntcheu, okhawo amene ankacheza ndi amayi m'Chichewa chopanda chibwibwi. Anayang'ana kamera ija ili pachifuwa, chivindikiro chili chotsegula, n'kuvula chipewa.

"Bambo, chonde, ajambuleni mayiwa ndi ana awo," anatero aphunzitsi. "Kamodzi kokha."

Amayi sanadikire yankho. Anakonza duku, anapukuta nkhope ya mng'ono wanga ndi chitenje, n'kutiimika patsogolo pawo. Manja awo ndinawamva paphewa panga, otentha, onunkha sopo wochapira. Anaima chilili, atatukula chibwano, ngati mmene anthu ankaimira akamajambulidwa.

"Pepani chomene, aphunzitsi," anayankha bambo aang'ono. "Filimu yatha."

Amayi anakhalabe choncho kanthawi, ngati sanamve. Kenako manja aja anachoka paphewa panga. Lole itafika anakwera kumbuyo, n'kukhala pamatumba a chimanga. Sanalire. Ankangotiyang'ana mpaka fumbi linawaphimba.

Pobwerera kumudzi tinapeza nkhunzi yathu itakolana nyanga ndi ya oyandikana nafe, anyamata akukuwa, fumbi lili kobo. Ndinali pambali pa bambo aang'ono. Ndinaona dzanja likukwera. Ndinamva khe. Ndinamvanso "Mbwenu!" Chithunzi cha nkhunzizo ndili nachonso, ndipo n'chokongola, ndisaname. Pali masiku amene ndimafuna kuching'amba, koma ine sinding'amba pepala.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Amayi anamwalira ku Dowa ine ndisanakule moti n'kukwera basi ndekha. Ndinali mayi wa ana pamene azakhali anandiuza zimene zinakambidwa pabwalo tsiku lija. Amayi anauzidwa kuti alowedwe chokolo ndi bambo aang'ono, koma iwo anakana kuyambira tsiku loyamba. Wokana ankabwerera kwawo, koma ana ankatsala, chifukwa ng'ombe zinali zitapita kale ku Dowa. Zithunzizo zinali zokaonetsa bambo aakulu, amene anakanika kubwera kuchokera ku Joni ndipo ankafuna kuona zimene mng'ono wawo wasiya. Azakhali anandifotokozera zonsezi akusenda nyemba, ngati nkhani ya mtengo wa mchere.

Koma madzulo a tsiku la lole lija ine sindinkadziwa chilichonse cha zimenezi. Ndinakhala pakhonde, mng'ono wanga akulira pamiyendo panga, ndikuganiza molimba monga amaganizira ana. Ndinkadziwa kuti kamera imasankha zinthu zokongola, ndipo ndinkadabwa kuti amayi analakwa chiyani kuti nkhunzi iwapose. Ndinkanyadanso pang'ono kuti ine ndajambulidwa kambirimbiri. Sindikanamvetsa kuti bambo aang'ono ankajambula zokhazo zimene zinali zotsala pamudzi, ndiponso kuti ine ndinali momwemo, pamodzi ndi ngolo ndi ng'ombe.