Nsomba ya a Makwinja yatuluka m'bango

Loweruka lapitali mlamu wanga a Makwinja, owotcherera zitsulo ku Ndirande, anavuula nsomba ya blakibasi yotalika kuyambira kunsonga ya chala mpaka pachigongono cha munthu wamkulu. Ndinali pomwepo, ndipo ndinaigwira ndi manja angawa.

Mwina mukuti, nsomba imodzi n'kukhala nkhani ya m'nyuzipepala? Dekhani ndikuuzeni.

Pali kagulu ka abambo a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amene amakumana Loweruka padamu lina kuseri kwa Limbe. Amapita paminibasi, ndodo zowedzera atazimanga ndi malegeni. Ambiri amakhutira ndi timakumba tawo. A Makwinja okha ndiwo anaika mtima pa blakibasi, nsomba yolusa yakukamwa kwakukulu, imene imabisala m'bango kudikira tinsomba ting'onoting'ono.

Vuto linali lakuti ikadya mbedza, imathamangira m'bango momwemo, nayiloni n'kuduka. Zinachitika kambirimbiri. Alamu anga ankabwerera kumtunda chimanjamanja, akutambasula manja kusonyeza kukula kwa nsomba imene wina aliyense sanaione.

A Likoswe, ogulitsa nsapato za kaunjika ku Bangwe, ndiwo anawapatsa dzina lakuti a Yathawa. Ankawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo nsomba ya m'madzi ilibe mwini. Dzinalo linakwera minibasi mpaka ku Ndirande. Anthu odzawotcheretsa mageti anayamba kufunsa ngati a Yathawa alipo. Wina anachita kunena poyera kuti munthu wonama pa nsomba sangalankhule zoona pa tsiku lomaliza geti.

Apa nkhani inasiya kukhala yoseketsa. Mmisiri akatchuka ndi bodza, ntchito imapita kwa mnzake wa pafupi.

A Makwinja sanakangane ndi munthu. Anatenga zidutswa za nayiloni yodukayo n'kuziyang'ana bwinobwino. Sinkaduka pamfundo. Inkaduka pamwamba pake, pamene yakhuzika ndi bango. Anaonanso kuti nayiloni imatamuka ngati legeni, moti ukamakoka, nsomba imakhala italowa kale m'kati. Anafunsafunsa m'mashopu a m'tauni mpaka anapeza chingwe cholukidwa, chopangidwa ndi timaulusi tambiri tolimba.

Zoona zake za chingwechi ndi izi. N'chochepa thupi kuposa nayiloni ya mphamvu yofanana nacho. Sichitamuka, ndiye nsomba ikangokhudza nyambo umamva m'dzanja nthawi yomweyo. Chimacheka udzu wa m'madzi. Koma chili ndi khalidwe lake. Mfundo yathu ya masiku onse imaterereka, ndipo mano sachidula. Alamu anga anazindikira zimenezi pabenchi ya kushopu kwawo, akumangirira chingwecho kuchitsulo n'kumakoka, kufikira atapeza mfundo yogwira.

A Makwinja atatulutsa chingwecho padamu, a Likoswe anachigwira pakati pa zala ziwiri ngati kanthu konyansa.

“Achimwene, ulusi uwu mwaba kwa telala uti?”

Anthu anaseka. A Makwinja anangoti akakumana naye telalayo adzamupatsa moni.

Dzuwa litakwera pang'ono, ndodo yawo inawerama. Nsomba inachita zake za masiku onse, kuthamangira m'bango, ndipo chingwe chinangoti nji, osasuntha. A Likoswe anagamula kuti chimenecho ndi chitsa.

Tsono padamu paja pali mwambo. Mbedza ya mnzako ikakodwa, umamuthandiza: umakulunga chingwe pachikhato n'kukoka mwamphamvu kuti chiduke, munthu amange mbedza ina, tsiku lipitirire. Ndi nayiloni palibe chovuta. A Likoswe, omwe kuseka konseko ndi munthu wothandiza, anadumphira pomwepo, kukulunga, n'kukoka.

“Madala, siyani, mupweteka,” anakuwa a Makwinja.

Mawuwo anafika mochedwa. Chingwe sichinaduke. Chinalowa m'zala ngati lezala, magazi n'kuyamba kudontha. Nthawi yomweyo chitsa chija chinamenya madzi ndi mchira.

Panalibenso woseka. A Makwinja anaimika ndodo, kukoka pang'onopang'ono, kumasula pang'ono, kukokanso. Bango linkagwedezeka, masamba odulidwa akuyandama. Kenaka nsomba inatulukira pamadzi oyera, kukamwa kuli yasa, ndipo anaikokera kumtunda popanda kuthamanga, ngati akutsitsa geti pagalimoto.

A Likoswe anaiyang'ana nthawi yaitali, dzanja atalikulunga ndi mpango. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati ija inathawa mwezi watha inali yaikulu kuposa iyi.

“Ndikati inde, mundikhulupirira?” anatero a Makwinja.

Ine ndinanyadira, ndipo sindibisa. Sindinanyadire nsomba. Ndinanyadira munthu amene atalephera anafunsa chifukwa chake.

Ifetu kuno chinthu chikakanika timafulumira kunena kuti ndi tsoka, kapena kuti pali wina wake akutichita chipongwe. Ndi angati amene amatola chidutswa n'kuyang'ana pomwe chadukira? Ndipo wina akatero, akabwera ndi chipangizo chimene sitinachionepo, timati wayamba matama, akufuna kukhala mzungu. Mayi akayesa mbewu ina ya tomato padimba lake, timadikira kuti ipserere tipeze choseka. Mmisiri akagula makina abwino, timafunsa kuti akufuna kuonetsa chiyani. Kodi munthu wa m'tauni muno saloledwa kuchita chinthu mwaluso chifukwa chongochikonda?

Cholakwa cha a Likoswe nachonso n'chathu tonse. Chinthu chatsopano timachigwira ndi dzanja lakale, chikatipweteka n'kumati n'choipa.

Sindikunyoza nayiloni ayi. Kwa wofuna makumba pamadzi opanda zokola, imakwana ndithu. Ndipo amene mukuganiza zosintha, dziwani kuti chingwe cholukidwa sichiola. Mukachitaya m'damu chidzakola mbalame ife tonse titaiwala za tsikulo. Chikakodwa, kulungani pakamtengo, osati pachikhato, ndipo zidutswa mubwerere nazo kunyumba.

Nsombayo inadutsa pamsika wa Ndirande masana, ili pachingwe, osati m'jumbo. Alamu anga akuti jumbo inachepa. Mlongo wanga, yemwe ndi mkazi wawo, akuti jumbo yaikulu inali m'thumba mwawo.

Loweruka likubwerali a Likoswe akuyembekezeka kufika padamu ndi chingwe chawo cholukidwa, ndipo atuma kale uthenga wopempha kuti aphunzitsidwe kamangidwe ka mfundo. A Makwinja avomera. Koma ati phunzirolo likachitikira kushopu kwawo ku Ndirande, nthawi imene makasitomala amakhala atadzaza, ndipo wophunzirayo pofika adzayambe wafunsa mokweza mawu ngati a Makwinja alipo.