Mtengo Wotalikirana ndi Apongozi

Ine pa Chinakanaka amandidziwa. Ndimagulitsa nsapato za kaunjika, ndipo chibadwire sindinalipirepo mtengo woyamba. Njira yanga ndi imodzi: ndimafunsa mtengo, n'kuseka, kenako n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Wogulitsa aliyense amandiitana ndisanafike pamsewu.

Chaka chatha kunabwera oimba nyimbo zauzimu ochokera ku Blantyre, kudzaimba masana pabwalo lina lotchinga ndi malata. Apongozi anga aakazi anamva nkhaniyi ali ku Milange, n'kukwera kabaza kudzera pa Muloza mpaka kwathu. Mkazi wanga anayenera kutsala pabenchi ya nsapato poti linali tsiku la msika, choncho wowaperekeza ndinali ine. Anandiuza mosabisa kuti mayi ake akapanda kulowa, mbiri yoti mkamwini wawo ndi woumira ikafika Mozambique yonse. Ndinamuuza asadandaule, matikitiwo ndiwapeza pa theka la mtengo.

Wogulitsa matikiti anali bambo wina wa jekete, atakhala pakhonde la golosale. Ananditchulira mtengo, ine n'kuseka. Iye sanaseke. Anawonjezerapo ndalama ya pepala la tikitiyo, ya chidindo chapadzanja, ndi ina yomwe ankaitcha ya chisamaliro. Nditafunsa kuti akusamalira chiyani, anati akusamalira ndalama zinazo. Kulipira pafoni kunali ndi yakeyake, kulipira kashi kunalinso ndi yowerengera.

Ndinayamba kuchoka. Ndinafika pamsewu osaitanidwa. Ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato, chonsecho ndinavala patapata. Nditacheuka ndinamuona akudya chinanazi.

Ndinati basi, ogulitsa si mmodzi. Wina anali cha ku Mishoni, koma ameneyo anali mlamu wake wa wa jekete uja, ndipo pamtengo womwewo anaikapo ya ulendo. Ndinapita pamtengo wa mango womwe unayang'ana m'bwalomo, ndikuganiza kuti ine ndikwera m'mwamba, apongozi okha ndiwo alowe. Mwini mtengowo anandiuza kuti wa jekete anaubwereka kale wonse ndi mango ake omwe, ndipo nthambi akugulitsa yekha. Malata otchingira anali a wa jekete yemweyo, mipando yake, masipika ake. Oimbawo akuti sangaimbe kwina kulikonse m'boma muno popanda iye kuvomera.

Ndinabwerera pakhonde paja mwakachetechete. Mtengo unali utakwera, poti panabwera ina ya kubwereranso. Ndinapempha tikiti imodzi yokha, koma anati munthu wachikulire salowa wopanda womuperekeza. Ndinatenga ziwiri. Nditayang'ana manambala, ndinaona kuti mipandoyo inali yogundizana. Kwathu kuno mkamwini sakhala phewa ndi phewa ndi apongozi ake. Ngakhale tikakumana panjira, mmodzi amapatukira m'chinangwa.

"Achimwene," ndinatero, "amene ndikulowa nawowa ndi apongozi anga."

"Tikudziwa, bwana. Nafenso tinakwatira. N'chifukwa chake pali yotalikirana."

Anafotokoza mofatsa ngati nesi kuti mpando uliwonse wotisiyanitsa uli ndi mtengo wake. Anandifunsa kuti apongozi angawo ndimawalemekeza mpaka pati. Anthu pamzere anasiya zokamba zawo kuti amve yankho langa, ndipo ena mwa iwo ndi osintha ndalama a pa Muloza amene amawoloka malire tsiku lililonse. Ndinati awaike kutsogolo kwenikweni, ine kumapeto kwenikweni.

Nditalipira ndinapempha banyira, kaulere koikira pamwamba, kuti ndisachoke ngati mlendo pamsika wakwathu. Anaganiza kaye, kenako anandidinda chidindo chachiwiri padzanja linalo, chaulere. Ndinanyamuka mtima utatsikako.

Mpando wanga unali kuseri kwa masipika, moyang'anizana ndi malata. Oimbawo sindinawaone n'komwe, ndinangowamva m'nthiti. Koma apongozi anavina mpaka mpango kugwa. Pobwerera anauza mwana wawo kuti mkamwini waulemu chonchi sanamuonepo, poti tsiku lonse sanandione ngakhale chipewa.

Mbiri imeneyo ndiyo inafika ku Milange. Tsopano akuti oimbawo akadzabweranso, apongozi adzabwera ndi akulu awo komanso ang'ono awo onse. Onsewo kwa ine ndi apongozi, ndipo aliyense ndiyenera kutalikirana naye payekha.