Maso a Bambo ndi Kansalu Kachikasu

Bambo anga anayamba kuona mwachimbuuzi chaka chomwe ndinayamba kuphunzitsa kufupi ndi Nachisaka. Ankadwala shuga, ndipo ankati zilembo za m'buku la nyimbo zikumayenda ngati nyerere.

Tsiku lina la msika kunabwera munthu wovala gawuni yoyera, nakhazika tebulo kuseri kwa chigayo. Ankalengeza kuti wabwera ndi makina a leza, kuwala kwamphamvu komwe madokotala amachizira maso osagwira mpeni. Bambo anaumirira kuti ndiwaperekeze.

Tinapeza okalamba atandanda. Makinawo sanandivute kuwazindikira: kanali katochi konga cholembera, kotulutsa kadontho kofiira, ngati komwe aphunzitsi athu ku koleji ankalozera pabolodi. Koma chomwe chinandiopsa ndi kansalu komwe anali nako m'manja. Munthuyo ankakalavulira, n'kupukutira manthongo a agogo ena, kenako maso a wotsatira, osakachapa. Kanali katasanduka kachikasu, kouma gwa m'mphepete, ntchentche zili ng'waa. M'zikhadabo zake munali bii.

"Bambo, tiyeni tizipita," ndinanong'ona. "Awa si adokotala."

"Iwe, usandichititse manyazi pagulu. Sukulu yakoyo usamayese ndi nzeru zonse."

Anakhala pabenchi. Ndinayang'ana kumbali, koma phokoso la kulavula kuja ndinalimva. Sindinawaletsenso, ndinangokhala chete. Mpaka lero ndimanyansidwa nako kukhala chete kumeneko.

Patapita masiku atatu maso onse a bambo anatupa. Ankadzuka zikope zitamatirira ndi mafinya, amayi n'kumazinyowetsa ndi madzi ofunda kuti zitseguke. Kuchipatala cha mishoni anatipatsa mankhwala odonthezera, ndipo zitaphwa anatilembera kalata yopita ku Lilongwe.

Kumeneko ndinaiona leza yeniyeni. Adokotala, mayi wachikulire wosachulutsa mawu, anasamba m'manja ife tikuona. Anafotokoza kuti shuga wafooketsa timitsempha ta kuseri kwa diso ndipo tikuchucha magazi, ndiye kuwalako kumatiwotcha pang'onopang'ono kuti titsekeke. Bambo anaika chibwano pachitsulo, makina n'kumaphethira zobiriwira.

"Zikupweteka, bambo?" anafunsa adokotala.

"Ayi, zikungobaya pang'ono ngati chisoso."

Diso lamanja linapulumuka. Lamanzere anati tinachedwa nalo.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, bambo anaimirira osandiuza. Munthu amene sankavomera kulakwa ngakhale kwa amayi, anauza mpingo wonse zomwe anachitidwa kuseri kwa chigayo, malovu ndi mafinya omwe, osabisa kanthu. Achinyamata ena anaseka. Kumbali ya azimayi, atatu omwe ndinawaona pamzere kuchigayo kuja anaweramitsa nkhope, maso ali psuu. Titatuluka mmodzi ananditsatira mpaka pamsewu.

"Aphunzitsi, kalata ya ku Lilongwe ija amalembera pakhomo liti?"

Lolemba m'mawa ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndipo ndinawaperekeza onse atatu kuchipatala cha mishoni.